Marimu a kaVitz kanga, momwe ntchito ikuyendera

Loweruka, 7 Juni

Lero ndiye ndayamba basi, nditazengereza kuyambira Febuluwale. Kwa amene simukuidziwa nkhaniyi, kagalimoto kanga ndi ka Vitz RS, kaja kobwera ndi marimu a aluminiyamu a mainchesi 16 ndi matayala opyapyala a 195/50 R16, ndinakagula kwa munthu konkuno katayenda kale zaka zingapo m'misewu yathuyi ndiye musaganize kuti marimuwo anali anyuwani ayi, ena anali okalikakalika kale m'mphepete koma anali owongoka. Usiku wina mvula ikugwa ndikuchokera m'tauni kupita kunyumba ku Area 25 ndinalowa m'dzenje lodzadza madzi, lija umaliona ngati kachithaphwi chabe, ndinangomva gu! kutsogolo kumanzere, kenako gu! kumbuyo. Tayala silinaphulike ndiye ndinati aaa tapulumuka. Mawa lake popita ku Kanengo nditangofika pa 80 chiwongolero chinayamba kunjenjemera ngati munthu wa malungo, ukatsika pa 60 zii ngati palibe vuto.

Ndakabalansitsa kawiri konse. Ulendo wachiwiriwo mnyamata wa pamakina anamata timaweyiti mzere wautali mkati mwa rimu, magalamu 90 pa rimu imodzi, kenako amvekere "bwana apa tikungonyengerera, rimu yanuyi siyozungulira bwino, olo timate kilo yonse sizitheka". Amanena zoona mfana uja. Kubalansa kumangogawa kulemera basi, dzira olo ulibalanse bwanji likhalabe dzira. Kuwonjezera apo tayala lakumbuyo kumanzere lakhala likuphwa pang'onopang'ono, masiku atatu aliwonse kupopa, tinasintha valavu, tinathira thovu kufuna msomali koma osaupeza.

Pulani ndi yoti kuwongola ndisiyira eni ake ntchito, kupala ndi kupenta ndipanga ndekha pakhonde kumapeto a sabata. Alamu andibwereka marimu achitsulo a 15 a Fielder yawo yomwe ili pa njerwa kudikira giyabokosi, mabowo ndi ofanana, anayi pa bwalo la mamilimita 100 m'mimba mwake, ndipo andipatsa ndi manati ake omwe. Za manatizi anthu amazitenga mopepuka koma marimu a aluminiyamu a Toyota amafuna manati aja okhala ndi washala, okhala pafulati, pomwe achitsulo amafuna osongoka kumapeto. Ukasokoneza, nati imangogwira pang'ono m'mphepete mwa bowo n'kumalidya, tsiku lina umangoona tayala lako likukupitirira.

Ndisanachotsetse matayala ndalemba manambala ndi maka kumbuyo kwa rimu iliyonse. 1 kutsogolo kumanzere, 2 kutsogolo kumanja, 3 kumbuyo kumanzere, 4 kumbuyo kumanja. Kochotsa matayala ndinaimirira pompo, ndimvekere "aise pamakina pokhapokha, zitsulo zopanira zija usandiyandikizire". Anaseka koma anamva.

Pobwerera ndi matayala a alamu a 175/65 R15 galimoto ikuyenda mofewa zedi, ndawerengera mbali ya tayala langa ndi 97.5 mm pomwe awowa ndi pafupifupi 114 mm, ndiye mphira wotchinjiriza rimu ukagwa m'dzenje ndi wambiri. Matayala opyapyala amakongola ku Japan komwe msewu uli see, kuno ndi kudziputira.

Lamlungu, 8 Juni

Tikuchokera kutchalitchi ndinangovula jekete n'kuyamba kutsuka. Sopo wa ufa, chinkhupule, mswachi wakale wa m'makona, fumbi la mabuleki lakuda bii lomwe lakhala likuunjikana mkati mwina kuchokera ku Japan komweko. Phula lomatirira ndi zomatira za timaweyiti takale ndachotsa ndi palafini. Atayera ndi pomwe ndawerenga zolembedwa kuseri kwa masipoko, saizi ya rimu 16x6J, ndi kachizindikiro ka JWL komwe kamasonyeza kuti rimu inapangidwa motsata muyezo wa ku Japan wa marimu a aluminiyamu. Bola si zija zongofanizira zosalembedwa kalikonse.

Poyang'ana ndi maso, 2 ndiye yonyansa kuposa onse, m'mphepete monse ngati yatafunidwa ndi makoswe (madam akuti ndi ine, ine ndikuti ndi nthawi ija amaphunzira kuimika galimoto, nkhaniyi sinathe). 4 ili ndi zoyerayera ngati ufa pansi pa penti, uko ndi kudyeka kwa aluminiyamu, iye sachita dzimbiri lofiira ngati chitsulo koma amatuwa n'kumafufumitsa penti. 1 ikuoneka bho kumaso. 3 ndiye yokongola kuposa onse, olo kakukalika kamodzi, ndinati iyi ndingoipala pang'ono n'kupenta.

Kenako kuyeza. Ndajeka kumbuyo, miyala kutsogolo kwa matayala, handibuleki pansi, n'kumamanga rimu imodziimodzi yopanda tayala pa habu yakumbuyo, chitsulo chija pomwe rimu imamangidwa, poti imazungulira momasuka. Poyamba ndinangoika sikuludilaiva pamwamba pa njerwa nsonga yake itayandikira mlomo wa rimu n'kumazunguza ndi dzanja, mpata ukamakula n'kuchepa umadziwiratu kuti pali nkhani. Kenako aneba omwe amagwira ntchito ya zamakina anandibweretsera dial gauge yawo, ka wotchi kaja koyeza kusuntha kochepetsetsa, tinakapanira pa jeke sitandi. 2, yonyansa ija, singano imangosuntha 0.3 mm. 4 inali 0.4. Koma 1 itafika pamalo ena a mlomo wamkati singano inadumpha pafupifupi 3 mm, ukagwira ndi chikhatho umamva pamalo pafulati potalika ngati chala chapakati. 3, yokongola ija, 2 mm, mlomo wamkati womwewo.

Anebawo anandifotokozera chifukwa chake ndipo n'zomveka. Kumaso kwa rimu kuli masipoko ogwirizira mlomo wakunja, koma mbali yamkati ili ngati ndowa yopanda chivindikiro, palibe choigwira, ndiye ukamenya dzenje imene imagonja ndi yamkatiyo yomwe suioneka galimoto ili chiimire. Wogula galimoto amazungulira n'kumasisita kumaso kwa rimu, pomwe matenda ali kuseri.

Madzulo ndapanga kanjira kakale kofufuzira ming'alu, akuti a njanji kalekale ankachita ndi mafuta ndi choko. Umapaka palafini pamalo pokayikitsa, kudikira mphindi 20 kuti alowerere, kupukuta mpaka kuuma gwa, kenako kupaka choko chosungunula m'madzi pang'ono n'kusiya chiume. Ndinatenga choko cha ana. Pa 1 choko chinakhala choyera mbee. Pa 3 patangopita kanthawi kamzere kakuda kopyapyala ngati tsitsi kanayamba kutulukira, palafini akubwerera kuchokera mumng'alu, kuyambira pa mlomo wamkati kulowa mpaka pomwe tayala limakhala, masentimita atatu kapena kuposerapo. Ndinangoti kakasi. Ndiye mpweya umathawira pamenepo miyezi yonseyi ine ndikunamizira valavu, ndipo mu Epulo ndinapita nayo ku Salima ana atatu ali kumbuyo.

Lachitatu, 11 Juni

Ndinapempha theka la tsiku kuntchito, 1 ndi 3 m'buti, ulendo wa ku Biwi. Aliyense wa mu Lilongwe amadziwa kuti ukangotsika ndi chitsulo m'manja kumeneko anyamata amakuzungulira, "biggie mukufuna chani, tiye kuno". Woyamba amene ananditengera anali ndi nyundo yaikulu, chipika cha mtengo ndi gasi wowotcherera, amvekere "iyi mphindi 10 bwana, tiiwotcha ifiire kenako kawiri katatu yawongoka". Atangoti ifiire ndinanyamula marimu anga. Chitsulo ndi chomwe chimafiira n'kukuchenjeza, aluminiyamu safiira, amaoneka chimodzimodzi mpaka amangoti phwa kusungunuka, cha m'ma 660 digiri kwa aluminiyamu weniweni ndipo wa marimuyu poti ndi wosakaniza ndi silicon amayamba kugonja asanafike n'komwe pamenepo. Komanso marimu ambiri akaumbidwa kufakitale amawaphika mwa muyezo kuti alimbe, ndiye ukawawotcha mopitirira kulimba kuja kumachoka, rimu imawongoka inde koma malo amenewo amakhala ofewa, dzenje lotsatira imapindika ngati mbale. Kumenya osatenthetsa nakonso imang'aluka. Pa rimu yachitsulo nyundo ilibe vuto, ndaonapo ya minibasi ikuwongoledwa pamsewu dalaivala akudya chimanga, koma izi ndi zina.

Nditafunsafunsa anandilozera kwa mdala wina amene ali ndi makina ake enieni. Rimu amaimanga pakati ngati pa habu, pali gauge yake, pali kajeke ka hayidiroliki kokhala ndi timitu tosiyanasiyana tokankhira. Anaizunguza 1, kulemba ndi choko poyambira ndi pothera kupindika, kutenthetsa pang'ono malo okhawo uku akuloza ndi kamfuti koyezera kutentha, akuti safuna ipitirire cha m'ma 200. Kenako kukankha pang'ono, kumasula, kuzunguza, kuyeza, kukankhanso pambali pake, osati pakati pokhapokha. Ndinawerenga maulendo 11. Palibe phokoso, palibe changu, amangong'ung'udza kanyimbo ka kwaya. Pomaliza singano imasewera pa 0.6 mm, amvekere "apa mwanawe tisiye, tikaifunitsa ziro tiithyola". Atamaliza anaipopera mankhwala ofiira ofufuzira ming'alu, aja okhala m'zitini zitatu, chotsukira, chofiira ndi choyera, kuti aone ngati kukankhako sikunatsegule kanthu. Inatuluka bwino.

Za 3 ndiye tinakhala pansi. Ndimvekere "bambo, iyi singawotchereredwe?" Iwo amvekere zimatheka, mng'alu wa pa mlomo wamkati amawotcherera ndi makina otchedwa TIG ndi gasi wa argon, amaboola kabowo kumapeto kwa mng'alu kuti usapitirire, kukumba kangalande motsata mng'aluwo, kutsuka bwinobwino, kudzaza mbali zonse ziwiri kenako kusalaza. Koma mng'alu wa pa sipoko kapena pafupi ndi mabowo a manati iwo sagwira olo ulipire zingati. Atapopera mankhwala ofiira aja pa 3 panatuluka ming'alu iwiri, uja ndinauona ine ndi wina waung'ono pambali pake womwe choko changa sichinaugwire, ndipo rimuyo ikufunikanso kuwongola pamalo omwewo. Anayang'ana nthawi yaitali, amvekere "ndikhoza kukudyerani ndalama, mpweya usiya kutuluka, koma kuwotcherera ndi kuwongola malo amodzi... mumakwezamo ana?" Ndinati eya. Anangoikankhira pambali ndi phazi.

Ndiye 3 yapuma pa ntchito. Zandiwawa poti inali yokongola kuposa zonse.

Loweruka, 14 Juni

Tsiku lonse kusaka rimu imodzi. Vuto ogulitsa amafuna utenge zinayi, ukati imodzi amakuyang'ana ngati wapempha nsapato ya phazi limodzi. Mitengo nayo chigwetsereni kwacha ndi 44% mu Novembala 2023 chilichonse chochokera kunja amangotchula nambala yomwe yabwera m'mutu. Wina anafuna kundikakamiza ya Honda Fit, akuti mabowo ndi omwewo 4 pa 100, zoona, koma bowo lapakati la Honda ndi 56.1 mm pomwe la Vitz ndi 54.1, maonekedwe osiyana, offset (momwe rimu imalowera mkati kapena kutulukira kunja) yosiyana, manati akenso ena. Ndinakana.

Cha m'ma 3 koloko mfana wina anandiimbira kuti pali RS yomwe inagundidwa kutsogolo akuiphwasula, marimu awiri akumbuyo ali bwino. Ndinapita ndi dial gauge ya aneba ndi botolo la palafini ndi choko m'thumba, anthu kumandiseka kuti abwana abwera ndi chipatala, ndinaimanga pa galimoto yanga pomwepo n'kuzunguza, 0.4 mm, choko choyera. Zolembedwa kuseri zofanana ndendende ndi zanga. Tinakanganako mtengo mpaka ndinayamba kulowa m'galimoto ndi pomwe anatsitsa. Iyi ndailemba 5.

Lachisanu, 20 Juni

Sabata yonseyi madzulo aliwonse ndikaweruka ndi sandipepa basi, zala zatha, foni yasiya kuzindikira chala changa kkkk. Ndinayamba ndi 2. Zotukuka za m'mphepete ndadula ndi tupa mopepuka motsata kuzungulira kwa mlomo, osakhazikika malo amodzi kuopa kupanga fulati yanga ndekha, kenako sandipepa yokhakhala ya nambala 80, kenako ya 180 yosalalako. Mokumbika kwambiri munali malo anayi, ndaikamo fila (phala lodzazira mokumbika) yosakaniza ndi aluminiyamu, pang'onopang'ono kawiri m'malo mounjika kamodzi. Fila ndi ya kumaso kokha, yokongoletsa. Pomwe tayala limakhala, pomwe manati amakhala ndi kumbuyo pomwe rimu imagundana ndi habu sipafunika fila olo pang'ono.

4 yandidyera masiku awiri. Zoyerayera zija ukaziona ngati kadontho, ukayamba kupala umapeza zayenda pansi pa penti ngati chiswe, umafunika kutsata mpaka upeze aluminiyamu wowala mbali zonse, ukasiyako pang'ono zidzafufumanso mvula ikubwerayi. Zinalinso pomwe tayala limakhala, ndiye nayonso ikanayamba kuphwetsa posachedwa. Pamenepo ndapala ndi burashi ya waya wosachita dzimbiri ndi 240 mpaka see. Burashi ya chitsulo wamba aneba anandiletsa, akuti imasiya tizitsulo mu aluminiyamu tomwe timayambitsanso kudyeka.

Penti yakale yomwe ili yolimba sindinaichotse yonse, ndangoipha kuwala ndi 400 ya madzi kuti yatsopano ipeze pogwira. M'makona a masipoko ndimakulunga sandipepa pa kamtengo. Mwana wanga wamkulu anathandiza tsiku limodzi, mphindi 15, kenako akuti ali ndi homuweki.

Loweruka, 21 Juni

Tsiku la pulaimala, penti yoyamba yapansi. Kuzizira kwa Juni kuno mukukudziwa, mamawa aluminiyamu amachita kuluma m'manja ndipo penti pa chitsulo chozizira sigwira bwino, ndiye ndinayanika marimu padzuwa mpaka cha m'ma 10 kuti afunde. Ndamanga kachisakasa ka mapepala apulasitiki kuseri kwa nyumba, pansi ndathira madzi kuti fumbi ligone, poti kamphepo ka nyengo ino kamanyamula dothi lofiira la m'makwalala onse a 25 n'kudzalitula pa chinthu chomwe wapenta. Kumbuyo kogundana ndi habu ndamata tepi, m'mabowo a manati ndaikamo timapepala tozungulira. Penti ikakhala pamenepo imadzaphwanyika galimoto ikuyenda, manati n'kukhwepa okha.

Pomwe pali aluminiyamu wosavala ndayamba ndi etch primer, kamodzi kopyapyala. Iyi musaidumphe. Aluminiyamu ukangomupala amapanga kakhungu kake nthawi yomweyo akakumana ndi mpweya ndipo pulaimala wamba sagwira pamenepo, imadzasupuka ngati khungu la njoka, etch ili ndi asidi pang'ono yemwe amaluma n'kugwira. Pamwamba pake pulaimala yotuwa yodzaza timikwingwirima, katatu, mphindi 10 pakati. Itauma ndi pomwe zolakwa zanga zonse zinaonekera, pa 2 malo awiri a fila anali otukuka ngati zipsera, ndapalanso.

Lamlungu, 22 Juni

Lero zavuta. Ndinabwereka kompuresa ndi gani yopopera penti kwa mnzanga wa panobita, utoto siliva (ine ndimafuna wotuwa moderako, madam amvekere "galimoto yoyera marimu akuda ngati ya anyamata a pa Bwandilo ayi", ndiye siliva). 1 ndi 5 zatuluka bwino. Ndili pakati pa 4 magetsi anathima, thanki inali ndi mpweya pang'ono ndiye m'malo moima ndinati ndimalize msanga, mpweya ukuchepa gani inayamba kulavula madontho, ine kuyandikiza dzanja, penti n'kuyenderera misozi iwiri pa sipoko. Kulakwa kwanga ndekha.

Koma 2 ndiye yandipweteka mutu. Nditangopopera panatuluka timaenje tozungulira ngati nthomba, penti ikuthawa malo ena, mnzanga uja pafoni amvekere "amwene imeneyo ndi silikoni, mwagwiritsa nsanza yanji?" Kufufuza, kansanza komwe ndinapukutira 2 ndi kaja mwana amapukutira dashibodi ndi matayala ndi polishi. Kadontho kosaoneka n'komwe kamakwana kuwononga rimu yonse. Palibe kuchitira mwina, kudikira iume, kupala ndi 600 mpaka pa pulaimala, kutsuka ndi mankhwala ochotsa mafuta kawiri ndi nsanza yatsopano, kuyambiranso. Ndalowa m'nyumba osalankhula ndi munthu.

Lachinayi, 26 Juni

2 ndi 4 ndapalanso ndipo siliva walowa bwino. Chomwe ndaphunzira pa siliva, ulendo womaliza umapopera patali pang'ono mopepuka kuti tinyenyeswa towala tija tigone mofanana, ukanyowetsa kwambiri pamakhala mabala akuda ngati mitambo. Ndaziika zinayi pamzere padzuwa, mtundu ukufanana.

Loweruka, 28 Juni

Lero ndi kiliya, penti yoonekera yowalitsa ndi kuteteza pamwamba. Ndagula ya 2K, yosakaniza ndi hadina (mankhwala olimbitsa penti), chitini chalemba 2 kwa 1 ndipo ndayeza ndi kapu ya manambala osati mwa maso. Ya m'chitini chopopera wamba ndi yotchipa koma fumbi la mabuleki lotentha, petulo ndi sopo wa kokwecha magalimoto zimaidya msanga. Koma 2K ndi poizoni, hadina yake ili ndi isocyanate yomwe imawononga mapapo, ena imawayambitsa mphumu yosatha, ndiye ndinagula masiki ya mafyuluta awiri, magolovesi, malaya a manja aatali, ana ndinawatumiza kwa agogo awo ku Kawale, ndipo ndinawauziratu aneba kuti atseke mawindo. Timamasiki tansalu ta nthawi ya Covid tija pamenepa n'chimodzimodzi osavala. Zimandimvetsa chisoni anyamata a panobita amene amapopera zimenezi tsiku ndi tsiku atangomanga tisheti kukamwa, kenako n'kumamwa mkaka ati umatsuka.

Ndinadikira magetsi abwere n'kudzaza thanki kaye. Ulendo woyamba wopepuka, mphindi 10, wachiwiri wonyowa, kuyambira m'makona a masipoko kumalizira kumaso. Mkati mwa ndowa namonso ndapopera kamodzi kuti fumbi la mabuleki lisamamatirire. Kuwala kwake ngati zanyowa ndi madzi. Pa 5 kambali kamodzi katuluka ngati khungu la nkhuku yososola, ndinatalikitsa gani, ndidzapala ndi 2000 n'kupolisha ikalimba. Pa 1 kantchentche kanatera n'kufera pompo, ndakachotsa ndi nsonga ya singano, katsala kachizindikiro komwe ndikudziwa ine ndekha.

Zili m'chipinda cha alendo pa makatoni, sabata yathunthu osazigwira. Madam akuti nyumba yonse ikununkha galaja.

Loweruka, 5 Julayi

Kubwezera matayala. Ndabwerera kwa mfana uja wa magalamu 90, ndamugulira Fanta kaye, ndimvekere "aise sabata zinayi zili apa, ukakanda tidana". Anakulunga kansanza pa chitsulo cha makina, sopo wambiri m'mphepete mwa tayala, zonse zinalowa popanda ngozi. Mavalavu atsopano onse anayi. Maweyiti omata mkati, osati aja okhomera pamlomo omwe amaswa penti n'kuyambitsa zoyerayera zija. 1 yomwe imafuna 90 lero yafuna magalamu 15, mfana uja anachita kuizunguzanso kachiwiri osakhulupirira.

Koma pali china chatulukira. Tayala lomwe linali pa 1 lili ndi chotupa mbali yamkati, chachikulu ngati dzira la nkhunda, ulusi wamkati unaduka tsiku la dzenje lija ndipo chimaonekera likapopedwa. Chotupa cha m'mbali sichimatidwa. Ndagula lina, ndalama yomwe sindinaikonzekere, mwezi uno tidya bonya.

Pomanga ndakana mfuti ya mpweya yomangira manati ija, ndakananso zokwera pa wilo sipanala ndi phazi. Manati anga a washala, kuyamba ndi dzanja onse anayi, kenako torque wrench ya aneba, sipanala yoyeza mphamvu yomangira, pa 103 Nm modumphanitsa, ili ndi loyang'anizana nalo. Pa habu ndinapala dzimbiri kaye kuti rimu ikhale pansi bwinobwino. 1 yowongoledwa ija ndaiika kumbuyo, kutsogolo kuli 2 ndi 5. Mpweya motsata kapepala ka pachitseko cha dalaivala. Alayimenti tapangitsanso, inali itathawa kumanzere.

Kuyesa ndatenga M1 kudutsa Kanengo mpaka ku Lumbadzi n'kubwerera. 60, 80, 100, chiwongolero phee, ndinachita kuchepetsa wailesi kuti ndimvetsere. Kagalasi kapakati komwe kamanjenjemera mpaka osaona za kumbuyo kali chete. Nditafika kunyumba ndayezanso manati, nati imodzi pa rimu 5 inasuntha pang'ono, ndidzayezanso ndikayenda makilomita ena 100.

Zotsala, kupolisha kambali ka 5 kaja, timakapu tapakati tiwiri tomwe tinasowa kalekale, kubweza marimu a alamu ndi manati awo, ndi kuona Lachiwiri ngati tayala lakumbuyo kumanzere lasunga mpweya. 3 ili kuseri kwa nyumba. Mnyamata wogula zitsulo zakutha wadutsa kale kawiri kuifunsa, akuti opanga mapoto amaufuna aluminiyamu wotere, koma maso ake akundiuza kuti ikatuluka pageti pano mawa ipezeka ku Biwi itapukutidwa bwino ikugulitsidwa kwa munthu wina poti kumaso kwake ilibe banga. Ndamuuza abwere Lolemba, poti ndi holide ndikhala ndili pakhomo, ndabwereka kale gilayinda kwa aneba, ndiidula kaye pakati.